Mutu 6: Kompyuta ya Malemu Silvester

1. Mndandanda

"Bambo ako anali munthu wa mawa," anatero aNangozo, amayi ake a Thokozile. "Mawa nditumiza, mawa nditumiza, mpaka mawa linawapeza ali m'bokosi. Azimayi makumi anayi anawalonjeza ndi pakamwa pawo. Lero azimayiwo akutha mapazi kubwera pano kudzafunsa ine. Ndinalonjeza ndine?"

Thokozile anali pakhonde, lichero lili pamiyendo, akutola timiyala mu mpunga. Panali patatha masabata awiri chiikire maliro a bambo ake, a Silvester. Kuyambira tsiku limenelo mtsikanayu ankadya akauzidwa kuti adye, kusamba akauzidwa kuti asambe. Kulira ndiye sanalire, ngakhale kumanda. Ena ankati ndi wolimba mtima, ena ankati dikirani muone.

Nkhani yake inali yotere. A Silvester anali ndi kashopu pa Sharpevale, chipinda chakumaso kwa nyumba yawo yomwe, kolembera anthu makalata pa kompyuta. Analinso mlembi wa gulu la Tiyesenso, la azimayi olima mpunga ku Bwanje. Bungwe lina la ku Lilongwe linalonjeza gululi mbewu yabwino. Linangoti: tumizani mayina, manambala a ziphaso ndi kukula kwa munda wa aliyense, pasanafike 12 koloko masana Lachisanu, kuchokera pa imelo imene gulu linalembetsa. Mukachedwa mbewu ipita kwa ena.

Miyezi iwiri a Silvester ali pa njinga, khomo ndi khomo, kutolera zimenezi. Analemba zonse mu kompyuta. Kunangotsala kutumiza. Kenako anadwala masiku anayi, basi.

"Ndikulankhula ndi iwe."

"Ndamva, amayi."

"Wamva chiyani? Lero ndi Lachitatu. Tchuthi chilichonse unkakhala pambali pa bambo ako kugogoda timabatani, ine ndikupeta ndekha kuseri. Ndikakuitana ankati musiyeni mwana akuphunzira. Chabwino, lero ndione chomwe unkaphunziracho. Siya lichero, kayatse chinthu chija."

Thokozile anaika lichero pansi. Nkhuku zinabwera, iye osazithamangitsa. Amayi ake ndiwo anaziponyera chitsononkho.

2. Mawu oyera pa sikirini yakuda

Tsiku la maliro azimayi ankafuna malo ogona, ndiye anachotsa zonse za mu shopu. Kompyuta anakaiika ku chipinda chakuseri, kosungira matumba a mpunga. Mawaya onse anawazula n'kuwaunjika mu beseni ngati chisoso.

Thokozile anawamasula mmodzimmodzi. Wa magetsi, wa sikirini, wa kiyibodi, wa mausi. Aliyense anamusomeka pabowo pake. Atadina batani, kompyuta inalira kawiri, pi pi, ndipo pa sikirini yakuda panabwera mawu oyera a Chingerezi.

Inu ana a sukulu, apa ndi pamene ambiri mumaonongera zinthu. Mukangoona mawu osawadziwa mumayamba kumenya mabatani ngati mukuswa mtedza. A Silvester anali ndi lamulo limodzi mu shopu mwawo: chinthu chikalemba, werenga kaye, manja ali kumbuyo.

Thokozile anawerenga akulozera ndi chala. Mawuwo ankati tsiku ndi nthawi zasokonekera, dinani F1 kuti mupitirire. Anadina. Kunabwera mzere wina, wonena kuti kompyuta sikupeza poyambira. Anazimitsa, n'kuyatsanso. Chimodzimodzi.

Ali choncho pakhomo panatulukira Chrispine, mnyamata woikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pamsika. ANangozo ndiwo anamuitanitsa. Anasuzumira pa sikirini, n'kuseka.

"Mdala wako ndinkamuuza ine. Linux imeneyi ndi ya anthu okonda kuvutika. Pa Sharpevale ponse pano ndani winanso ali nayo? Bweretsa ndiifomate, ndiikemo Windows. Ola limodzi ikhala ikuimba."

"Nanga zomwe zili m'katimo?" anafunsa Thokozile.

"Zimenezo ziiwale, sisi. Kufomata n'kusesa nyumba yonse."

"Ndiye ayi."

"Wakana chiyani iwe?" anafunsa aNangozo ali pakhomo. "Munthu wati ola limodzi."

"Akuti afufute mndandanda womwe, amayi."

ANangozo anamuyang'ana Chrispine kuyambira ku nsapato. "Ndakuitana kuti uchize mbuzi, iwe wabwera ndi mpeni. Pita ukaimbitse nyimbo zako."

Atachoka, Thokozile anayatsanso, ulendo uno akudina F2 msangamsanga monga ankachitira bambo ake. Kunatseguka sikirini yabuluu, yomwe iwo ankaitcha BIOS. Mmenemo ndi momwe kompyuta imasunga malangizo oyamba, a chomwe ichite ikangodzuka.

Kompyutayi inali ndi madisiki awiri osungiramo zinthu. Ina inali ya zithunzi za maukwati ndi makalata a anthu, ina ndiyo inali ndi Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse. Thokozile anaona kuti dongosolo latembenuka. Ya zithunzi inali pamwamba. Kompyuta inkakafuna moto m'nyumba yosaphikamo. Anakweza ya Linux pamwamba. Panalinso mzere wa tsiku ndi nthawi, koma anaudumpha. Anati tsiku silidyedwa.

Anasunga zomwe anasinthazo. Kompyuta inazima yokha, n'kuyakanso, ndipo chizindikiro cha Linux chinaonekera pakati pa sikirini. Pompo magetsi anathima.

Thokozile anakhala akuyang'ana sikirini yakudayo mpaka amayi ake anamuitana kuti akatunge madzi.

3. Batire la sikelo

Magetsi anabwera Lachinayi m'mawa. Atayatsa, pi pi, mawu omwe aja. Zonse zomwe anakonza dzulo lake zinali zitafufutika.

Anakhala pa thumba la mpunga. Chinthu chimene chimaiwala magetsi akangothima ndiye kuti chilibe chokumbukirira. Anatenga mpeni wa kukhitchini, n'kumasula tizikuluwu tiwiri, n'kutsegula m'mbali mwa bokosilo. M'kati munali fumbi ndi ulusi wa kangaude. Pakona panali kabatire kozungulira, kaphwatalala ngati batani la jekete. Anakatulutsa n'kuwerenga nambala yake. Nambala imeneyo anali ataiona penapake.

Amayi ake anawapeza akumanga matumba pa njinga kuti azipita kumsika.

"Amayi, ndibwerekeni batire la mu sikelo."

"Wapenga?"

"Ndi lofanana ndi lomwe lafa mu kompyuta."

"Ndiye ine mpunga ndikayeza ndi chiyani, ndi maso? Anthu a pamsika pano ukawayezera ndi mbale amati wafinya. Kagule lina."

"Pano sagulitsa. Bambo ankagula ku Balaka."

ANangozo anatsonya. Anatulutsa sikelo yopachika ija m'chikwama, n'kuitembenuza, n'kuibwezanso m'chikwama. Kenako anaitulutsanso.

"Masabata anayi. Loweruka lililonse upeta ndiwe, ine ndili chikhalire."

"Awiri."

"Ukutsitsa mtengo kwa ine? Ndinayamba malonda iwe usanamere mano. Anayi."

"Atatu, amayi. Loweruka lachinayilo ndikhala nditatsegulira sukulu."

"Atatu, ndi kuchapa matumba. Ukandiphera batire langa, udzakhala sikelo ndiwe."

Thokozile anaika batire lija, n'kutseka bokosi. Analowanso mu BIOS, n'kukweza disiki ya Linux pamwamba. Kuti atsimikize, anazula dala waya wa magetsi, n'kuwerenga mpaka makumi awiri, n'kusomekanso. Ulendo uno kompyuta inalira kamodzi kokha, n'kupitirira.

Mawu achinsinsi olowera ankawadziwa. Atawalemba, sikirini inatseguka ndi chithunzi chimene bambo ake anaikapo: iye ndi ang'ono ake awiri ataima m'munda wa mpunga, matope mpaka m'maondo. Anachiyang'ana pang'ono. Kenako anasuntha mausi n'kuyamba kufunafuna mndandanda.

Unalipo. Mayina makumi anayi, onse okwanira.

4. Mfundo

Shopu yoyandikana nayo inali ya a Obed, ogulitsa mbewu ndi mankhwala a m'munda. Iwowa anali ndi rauta, kabokosi kotulutsa wifi, ndipo ankagawana ndi a Silvester, khoma lili pakati. Masiku onse kompyuta ikayaka inkalumikizana yokha. Lero pakona pa sikirini panalibe ndi chizindikiro cha wifi chomwe.

Thokozile anatsegula kawindo kakuda kolembamo malamulo, n'kulemba *lsusb*. Mawu amenewa amauza kompyuta kuti itchule zonse zomwe zasomekedwa m'mabowo ake. Inatchula kiyibodi. Inatchula mausi. Basi.

Anasuzumira kumbuyo kwa bokosi. Bowo lina linali lopanda kanthu. Pamenepo pankakhala kachipangizo kakuda, kotalika ngati chala, kokhala ndi kamlongoti. Ndi kamene kankagwira wifi. Bambo ake anagula tiwiri tosagwirizana ndi Linux asanapeze kameneka. Anakhuthula beseni, anasuntha matumba, anasesa pansi. Kunalibe.

Masana aNangozo anabwerera kudzatenga thumba lina. Chrispine anali nawo, atawakankhira njinga, koma kwenikweni ankafuna kudzaona ngati mtsikana uja walephera.

"Kakuda kokhala ndi kamchira?" anatero aNangozo. "Azakhali ako anamanga. Foni ya bambo ako, mafulashi, magalasi, makiyi, tonse ting'onoting'ono anakokolola n'kuponya mu mtolo."

Mtolowo unali kuchipinda, pamwamba pa sutikesi. Zovala ndi tinthu ta malemu, zokulungidwa mu nsalu yakuda.

"Ndiye vuto lili pati?" anatero Chrispine. "Masula, tenga, tumiza, bweza, manga. Nsalu ili ndi pakamwa? Zinthu zimenezi n'zachikale, sisi."

"Iwe, njinga wafikitsa, zikomo," anatero aNangozo. "Khomo ndi ilo."

Atatsala awiri aNangozo anakhala pa thumba, chinthu chimene sankachita masana.

"Khala pansi, undimvetsetse chifukwa sindibwereza. Mfundo ija anamanga ndi azakhali ako a Eliness, anthu asanu akuona. Idzamasulidwa tsiku logawa katundu, mwezi ukatha, abale a bambo ako onse ali pompo. Ukaimasula iwe lero, palibe adzanene kuti anamasula ndi Thoko. Adzati ndi Nangozo. Adzati mkazi uja sanadikire ndi dothi lomwe kuti liume pamanda. Sokosi imodzi ikadzasowa, adzati ndinagulitsa. Kwathu ndinaona ndi maso angawa. Mayi Dailes anangosolola khasu la amuna awo kuti akapalire, chimanga chikufa ndi udzu. Khasu lokha. Anachoka pamudzi paja ndi chitenje chomwe anavala. Anthu amakhululuka kutukwanidwa, amakhululuka ndi chigololo chomwe, koma za katundu wa malemu amakufera nazo. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma zimenezi ndinakhoza."

"Ndiye ndikawapemphe azakhali adzamasule okha."

"Usayerekeze." Anatsitsa mawu. "Tsiku lomanga katundu anandifunsa za chibokosi ichi. Ndinawauza kuti chinafa kalekale, bambo ako ankangochisungira manyazi. N'chifukwa chake chili pano, osati mu nsalu. Bambo ako aang'ono a Gibson anayamba kuchimezera malovu mkulu wawo akadali moyo. Angomva kuti chikuyaka, chapita. Ndiye iwe ndi ang'ono ako mudzadya chiyani? Mpunga wanga wokha sungakufikitseni Folomu 4. Shopu imeneyi ndi munda wanu."

"Nanga nditani, amayi?"

"Ukufunsa ine? Wa Folomu 3 ndi ndani pano? Peza njira ina."

"Palibe ina."

"Ipeze. Ine anthu akundidikira." Ananyamula thumba n'kutuluka.

M'nyumba munangoti zii. Thokozile analowa kuchipinda. Mtolo unali pomwe paja. Mfundo yake inali wamba, yomwe amamangira nkhuni. Anaigwira ndi zala ziwiri. Inali yosalimba n'komwe. Pambali pa nsalu panatulukira kolala ya malaya abuluu, omwe bambo ake ankavala ku tchalitchi. Chapansi, pogwira ndi dzanja, pankamveka tinthu tolimba.

Anaima pamenepo nthawi yoti munthu n'kuthyola ndiwo n'kubwerako.

Kenako anabweza kolala ija m'kati, n'kutuluka. Anazimitsa kompyuta, anakhoma chitseko, anabwereka njinga kwa a Obed, n'kuwauza kuti amayi akafunsa muwauze kuti ndapita ku Kasinje kwa azakhali.

5. Kwa azakhali

Anafika dzuwa litapendeka, milomo itauma ndi fumbi. A Eliness, mlongo wawo wamkulu wa a Silvester, anali pamphasa akusola nandolo. Anali mayi wamtali, wosaseka wamba. Anamupatsa madzi, n'kudikira kuti amwe, kenako anafunsa za kunyumba.

Thokozile anagwada n'kufotokoza zonse. Za gulu, za mbewu, za Lachisanu, za kachipangizo kakuda.

"Mtolo uli m'nyumba mwanu momwemo," anatero a Eliness. "Ine ndili kuno. Chakuletsa n'chiyani?"

"Munamanga ndinu."

A Eliness anapitiriza kusola. Kenako anati:

"Ukudziwa chifukwa chake timamanga? Ana a masiku ano mumati ndi nkhanza, ena mumati n'zamizimu. Sitimangira wakufa ayi. Wakufa savala malaya. Timamangira amoyo. Maliro akangotha, aliyense amakumbukira kuti malemu anamulonjeza kanthu. Uyu wailesi, uyu njinga, uyu nsapato. Anthu oyamwa bere limodzi amasiya kupatsana moni chifukwa cha lamba. Agogo ako atamwalira, ine ndi bambo ako tinatha chaka osalankhulana. Nkhani yake mbale zadothi zitatu. Zinasweka zonse, koma chaka chija sichinabwerere. Ndiye timamanga kuti mitima izizire kaye. Mfundo ija ngakhale mwana wa zaka zisanu atha kumasula. Siiteteza katundu. Imangoonetsa kuti m'nyumbamo mukukhala anthu otani. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

"Tsono ndikufunse. Amayi ako anandiuza kuti chinthucho n'chakufa. Chakufa chitumiza bwanji kalata?"

Thokozile anayang'ana pamphasa. Nandolo mmodzi anali atagubudukira pafupi ndi bondo lake. Anamutola n'kumuponya mu lichero.

"Chinkakana kuyaka. Ndachikonza."

"Chinayamba liti kukana?"

"Maliro atatha."

"Bambo ako ali moyo chinkayaka?"

"Chinkayaka."

A Eliness anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakwiye, sanadabwe.

"Tenga lichero linalo undithandize. Ugona kuno. Tinyamuka tambala woyamba."

6. Lachisanu

Anafika pa Sharpevale cha m'ma 10 koloko, Thokozile akupalasa, azakhali ali pa kaliyala. Njinga inaphwa panjira, anayenda pansi mtunda wautali. Pansi pa mtengo wa mango panali patakhala kale azimayi asanu ndi mmodzi a gulu la Tiyesenso. ANangozo anali pakhonde, manja ali m'chiuno. Mwana wawo sanamuyang'ane.

"Mwafika, alamu."

"Tafika, alamu. Itanani bambo wa shopu iyo akhale mboni."

A Obed anabwera akupukuta manja. A Eliness anatulutsa mtolo n'kuuika pakati pa chipinda. Anamasula okha. Sanalole wina kupisa dzanja. Ankatulutsa chimodzichimodzi, Thokozile akupukusa mutu. Foni, ayi. Magalasi, ayi. Fulashi, ayi. Kenako kakuda ka kamlongoti.

"Bambo Obed, mwaona. Chatuluka ndi chimodzi. Chibwerera chimodzi."

"Ndaona, mayi."

Thokozile anakasomeka. Analembanso *lsusb*, ndipo mzere wachitatu unaonekera. Chizindikiro cha wifi chinabwera pakona. Anachidina kuti aone dzina la rauta ya a Obed. Panalibe dzina lililonse.

"Yayaka rauta yanu?"

"Ili gwa, nyali zonse," anatero a Obed. "Koma kunotu n'kutali, mwanawe. Bambo ako ankaigunditsa khoma langa. Tsiku lina ndinangosuntha shelefu, anabwera kudzandifunsa ngati tayambana."

Pakati pa chipinda chakuseri ndi shopu ya a Obed panali makoma atatu ndi matumba a mpunga ofika kudenga. Thokozile anazimitsa kompyuta bwinobwino, n'kuzula mawaya. A Obed ananyamula bokosi, iye sikirini, aNangozo tebulo. Anaika zonse mu shopu ya a Silvester, pamalo pake pakale, pomwe miyendo ya tebulo inasiya mabowo anayi pansi. Potero chinthu chija chinadutsa pamaso pa azimayi onse a pansi pa mango.

Inayaka osavuta. Dzina la rauta linabwera, mizere itatu mwa inayi. Inalumikizana yokha.

"Nthawi?" anafunsa aNangozo.

"Twente pasiti leveni," anatero a Obed.

Thokozile anatsegula imelo. Inazungulira, inazungulira, kenako inatulutsa bokosi la mawu ofiira. Anatseka n'kutsegulanso. Bokosi lomwe lija. Kachitatu, chimodzimodzi.

"Chatani tsopano?" anafunsa aNangozo.

"Ikukana."

"Ikukana chiyani? Batire ndakupatsa, azakhali ako wawatenga, tebulo ndasenza ndi msana wanga. Ikufunanso chiyani, tiyi?"

Thokozile anaika manja pamiyendo n'kuwerenga. Mawuwo ankati kompyuta siingakhulupirire mbali inayo, ya eni ake imelo, chifukwa chiphaso chawo chikuyamba kugwira ntchito tsiku lomwe silinafike. Anawerenganso. Tsiku lomwe silinafike. Anakweza maso pakona pa sikirini. Panalembedwa 1 Januwale 2012, chaka chomwe iye anali asanayambe ndi sukulu ya mkaka yomwe.

Ndi mzere uja anaudumpha Lachitatu, n'kuudumphanso Lachinayi. Kompyuta inkakhala m'chaka chake chokha, ndiye aliyense wobwera ndi chiphaso cha lero inkamuyesa wabodza. Kanthu komwe mumati n'kachabe ndi kamene kamakudikirani pakhomo tsiku lomwe muli pa changu.

"Bambo Obed, lero ndi pa chiyani?"

Anamuuza. Anatsegula pokonzera nthawi, n'kulemba chaka, mwezi, tsiku, ola. Anatsekanso imelo n'kuitsegula. Makalata a masabata awiri anayamba kutsika, onse olembera a Silvester. Sanatsegule ndi imodzi yomwe. Anapeza adiresi ya bungwe lija, anamata mndandanda, analemba mizere iwiri yonena kuti mlembi anamwalira ndipo watumiza ndi mwana wake. Anadina.

Patatha mphindi zitatu kunabwera yankho lalifupi lakuti mndandanda walandiridwa. A Obed anawerenga mokweza, n'kumasulira. Nthawi inali 11:41.

ANangozo anatuluka n'kuima pakhonde.

"Zapita. Mayina onse makumi anayi. Zomwe analonjeza amuna anga zatha lero, musadzandifunsenso. Mbewu ikachedwa kafunseni ku Lilongwe."

Azimayi anaomba m'manja, wina analuluta pang'ono n'kukumbukira kuti ndi pa nyumba ya maliro.

Mu shopu a Eliness anatambasula dzanja. Thokozile anazimitsa kompyuta, anazula kachipangizo kaja n'kukapereka ndi manja awiri. Anakabweza mu mtolo, n'kumanga, a Obed akuona.

"Wachita bwino kubwera kwa ine," anatero a Eliness. "Zimenezi ndidzazinena pamaso pa abale onse, kuti mlongo wanga anasiya mwana."

Kenako anatsegula chikwama chawo n'kutulutsa chitenje china chopinda bwino. Anachitenga kuchokera ku Kasinje. Anachikutumula n'kuchiyala pansi.

"Bambo Obed, ikanipo bokosilo. Ndi galasi lakelo."

ANangozo anali atabwerera, ataima pakhomo. "Alamu, mukutani?"

"Chakufa ndinakusiyirani, alamu. Chamoyo ndi katundu wa malemu. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa."

"Ana adya chiyani?"

"Mudzafunse Lamlungu, abale akasonkhana. Ndamutumira mawu Gibson m'mawa uno. Nkhani imeneyi siidikira mwezi."

ANangozo anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chiyambire dzulo anamuyang'ana mwana wawo.

A Eliness anasonkhanitsa ngodya zinayi za chitenje pamwamba pa kompyuta. Nsaluyo inali yoterera, inkapulumuka.

"Thoko, tagwira apa."

Thokozile anaika chala. Azakhali anakoka mfundo.